Chigubu cha Kuseri kwa Guwa

Pofika Fomu 3 ndinali nditalandira kale makalata awiri ondichenjeza. Yoyamba inali ya chule amene ndinamulowetsa m'thumba la jekete la aphunzitsi a masamu, yachiwiri ya belu limene ndinalikulunga nsanza mpaka sukulu yonse inachedwa kulowa m'kalasi. Ahedi anandiuza maso ndi maso kuti yachitatu sidzalembedwa, ndidzangonyamula chikwama n'kubwerera ku esiteti ya ku Chisepo kumene makolo anga amalima fodya wa eni munda. Kusoka fodya ndimakudziwa, ndipo sindikufuna. Phula lake limakanirira m'zala sabata yathunthu.

Temu yachiwiri aphunzitsi a Bayoloje, mayi wamfupi woyenda ngati wasiya mwana pamsewu, anatiuza za yisiti. Anati kumayiko ena akatswiri amasintha chibadwa cha tizilombo timeneti kuti tizidya ngakhale mapesi ndi zitsononkho n'kutulutsa mafuta oyendetsera galimoto. Ife wotereyo tinalibe. Tinali ndi yisiti wa mandasi wa kugolosale, gaga, shuga ndi zigubu ziwiri. Kalabu yathu ya sayansi inagawidwa pawiri, ine n'kugwera m'gulu limodzi, ahedi n'kusaina pepala lotiloleza. Gulu lotulutsa mafuta oyaka bwino ndilo linali kudzapita ku chionetsero cha kuboma.

Gulu linalo ankalitsogolera hedi boyi, mwana wa mkulu wa mpingo, woimbitsa kwaya, munthu wolemba dzina lako ngakhale wangotsokomola m'mapemphero. Ankafuna kupambana mpaka kuonda nako.

Patchuthi cha pakati pa temu ndinapita kwa azakhali ku Bowe. Azakhali amaphika masese, ndipo mgolo wawo sugona ndi njala. Ndinatunga za pansi pa mgolowo, kusefa ndi kansalu, kuthira m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, n'kumatapo pepala la Chingerezi cha zilembo zazikulu ndi manambala ongopeka. Titatsegulira ndinamunong'oneza hedi boyi kuti msuweni wanga wa ku Lilongwe wanditumizira yisiti wosinthidwa chibadwa uja, koma ine ndikuopa kumugwira. Sindinachite kumupatsa. Anandilanda yekha, ati zinthu zotere si za atsikana aphokoso.

Cholinga changa chinali chaching'ono, choti gulu lake linunkhe masese m'labu, tiseke, basi. Ndinaiwala kuti munthu akakhulupirira kuti wagwira chuma amachibisa. Aphunzitsi anatiuza kuti chigubu chizikhala ndi kapaipi kotulutsira mpweya. Iye anaona kuti yisiti wodula chonchi angathawire m'kapaipimo, ndiye anakazula, kutseka mwamphamvu, n'kumangapo mphira ya njinga. Kenako, poopa kuti ife timubera, anakachibisa kumene kiyi anali nayo yekha: kachipinda ka kuseri kwa guwa m'tchalitchi cha pamishoni pathu, kosungiramo mikanjo ya kwaya.

Chinaphulika Lachinayi m'mawa abusa ali pakati pa pemphero. Phokoso silinali lalikulu kwenikweni. Vuto linali fungo, limene linatulukira pansi pa chitseko n'kuyenda benchi ndi benchi. Ana a m'midzi tonse tinalizindikira nthawi yomweyo. Ndinaluma kolala ya bulauzi kuti ndisaseke. Kuseka kunathera panjira nditaona hedi boyi akulira pakhomo la ofesi ya ahedi, chala chikuloza kumene ndinaima.

Lamulo la pasukulu pathu silipita m'mbali. Wobweretsa mowa pamishoni amapita kwawo tsiku lomwelo. Masana anandiitana. M'ofesimo munali ahedi, abusa, aphunzitsi a Bayoloje ndi akulu a mpingo awiri, mmodzi ali bambo ake a hedi boyi. Ndinagwada pafupi ndi chitseko. Za kabotolo ndinavomera, poti zolemba papepala zinali zanga ndipo aliyense amazidziwa. M'mutu ndinali nditayamba kale kuona nkhope ya amayi ndikutsika kabaza ndi matiresi anga.

Bambo ake a hedi boyi anati nkhaniyi ndi yachidule, mwanayu walowetsa mowa m'nyumba ya Mulungu. Aphunzitsi a Bayoloje anapempha kutuluka pang'ono. Anabwera ndi makapu awiri ofanana. M'kapu imodzi munali zotsalira za chigubu chophulika, m'kapu inayo munali za chigubu cha gulu lathu, cha yisiti wa kugolosale, chimene ahedi anasainira. Zonse zinali zotuwa, zathovu. Anaziika patebulo ndi manja awiri.

"Abambo, ine ndine wa m'kalasi chabe, mundithandize. Mwa ziwirizi, mowa ndi uti, ntchito ya sukulu ndi iti?"

Kuti munthu asiyanitse anayenera kununkhiza, mwinanso kulawa, ndipo wosiyanitsa molondola akanafunsidwa kumene anaphunzirira. Abusa anayang'ana kudenga. Mkulu winayo, amene dera lonse limadziwa njira imene amadzera pochokera kumsika, anakankhira kapu kutali ndi chala chimodzi.

"Ine mphuno yanga zimenezi siizidziwa, mayi."

Bambo ake a hedi boyi anati ndiye kuti zonse ziwiri ndi mowa. Apa ahedi anatsokomola, poti dzanja limene linasaina linali lawo, n'kuyamba kuyankhula motalika za ubwino wa sayansi pa chitukuko cha dziko. Aphunzitsi anawonjezera kuti m'kabotolo mwanga munalidi yisiti, wakumudzi, amene katswiri aliyense sanamukhudzepo, ndipo kuti chimene chinaphulitsa chigubu ndi mphira ya njinga. Anamanga mphira ndani, kiyi anali nayo ndani, palibe anafuna kufunsa mokweza bambo ake ali pomwepo.

Mlandu wanga unatsika kuchoka pa mowa kufika pa bodza. Anandigamula kuchapa mikanjo yonse ndi kukolopa kachipindako mpaka abusa akhutire. Ndinatuluka m'ofesimo. Ndinakhala pansi kuseri kwa labu n'kumangopuma, n'kumayang'ana mapiri a Ntchisi ngati ndayamba kuwaona tsiku lomwelo.

Kuchionetsero sikunapite gulu lililonse. Ahedi anati chaka chino zakwana. Komabe aphunzitsi anatcheza za m'chigubu chathu kawiri m'labu, kuthira pasupuni, n'kuyatsa. Kamoto kabuluu, kovuta kukaona masana, kanayaka pang'ono n'kuzima. Anzanga atatuluka, aphunzitsiwo anandikoka khutu n'kundiuza kuti ngati yisiti ndimamukonda chotero ndikhoze Bayoloje, ndikamusinthe chibadwa ndi manja anga, ndisiye kusintha mapepala a pamabotolo. Anandifunsa ngati ndalapa. Ndinati eya madamu, ndipo anandiyang'ana mpaka ndinalephera kugwira nkhope.

Ndinachapa masiku atatu pamjigo, sopo mpaka kutha, ndipo ndinachapadi ndi mtima wonse. Koma Lamulungu kukatentha, a kwaya akayamba thukuta, kafungo kamabwerera pang'onopang'ono. Ine ndimakhala benchi yachiwiri, mu yunifolomu yanga, n'kumaimba mokweza kuposa onse.