Buledi Womera Ndevu

Tandiyankhani, inu anzeru: amatuluka pamoto ali maliseche, ukafulumira kumuveka amamera ndevu zobiriwira. Ndani ameneyo? Mwagonja? Ndi buledi. Ndevu zimenezi zinatsala pang'ono kumuthera ntchito mayi wina wamasiye.

Mwamuna wake anamusiyira khanda ndi uvuni wa chitseko chopendekeka. Mayiyu anayamba kuphika buledi wogulitsa, koma ogula anathawa mmodzimmodzi. Anatsala mayi wogulitsa tiyi yekha, ndipo m'mawa wina nayenso anabweza buledi atachita chuku.

"Achemwali, ine ndimagulitsa tiyi, sindimeta ndevu," anatero wa tiyiyo. "Zikachitikanso, tisiyane bwino."

Mlamu wa mayi wamasiyeyo, mkulu wa malemu mwamuna wake, bambo wamimba ngati thumba la ufa, anali pomwepo. "Gulitsani uvuniwo, mlamu, ntchitoyi si yanu. Mphuno yangayi siphonya. Buledi wogona ndimamununkhiza ndili kumsewu."

Koma vuto linali chikondi. Buledi akangotuluka mu uvuni, mayiyu ankamukulunga msanga m'pepala la pulasitiki kuti akafike kwa ogula ali wofunda.

Masana ena khanda linalira osatonthola. Atalivundukula m'bulangete, analipeza thukuta lili kamukamu. Kucheukira patebulo, m'mapepala a buledi namonso muli timadontho.

"Kani nawenso umatuluka thukuta, mwana wanga wachiwiri," anatero kwa buledi. Thukutalo ndilo linkameretsa ndevu zija.

Anayamba kuyesa. Buledi woyamba anamusiya poyera mpaka anauma gwa, woti n'kuthamangitsira galu. Wachiwiri anamulawa mphaka osapempha. Mayiyu sanagwe ulesi. Mapeto ake anaidziwa njira: buledi azizire kaye pawaya kuti mpweya udutse pansi, kenako amukulunge m'nsalu yoyera youma, n'kumuika m'dengu kutali ndi dzuwa ndi uvuni. Wodulidwa kale agone chafufumimba, mbali yodulidwayo pansi.

Wa tiyi analandira buledi watsopanoyo mokayika. Kunacha, kunada, ndevu osaoneka. Ogula anabwerera, ena atakoka anzawo.

Tsiku lina mayi wamasiye atabweretsa dengu kwa wa tiyi, anapeza mlamu uja akutafuna, masaya ali tuu, benchi yodzaza anthu.

"Mlamu, bwerani muphunzire," anatero bamboyo, akununkhiza chidutswa. "Uyu ndiye buledi. Watuluka lero lomwe mu uvuni wa akatswiri. Mphunoyi siinama."

Wa tiyi anaika ketulo pansi. "Ameneyo ndi wa dzana, bambo. Anaphika ndi alamu anu omwewa."

Benchi yonse inagwa ndi phwete. Wina anati mphunoyo ndi imene igulitsidwe, uvuni utsale. Mayi wamasiye anangomwetulira n'kuwadulira alamuwo chidutswa china, ndipo iwo anachilandira maso ali pansi.

Ndiye inu amene zanu zamera ndevu lero, musagulitse uvuni. Osataya mtima, vundukulani muone pomwe pakutuluka thukuta. A mphuno zakuthwa asiyeni, adzadya wa dzana n'kupemphanso wina.