Kantchentche pakhoma la a Muhiwa

Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ya pa esiteti, ndipo anthu amadziwa kuti ndimakonda tizilombo. Amanditumizira zithunzi pafoni, ine n'kumawauza mayina.

Mayi Muhiwa, othyola tiyi amene timapemphera limodzi, adanditumizira chithunzi cha kantchentche kaubweya, kamapiko ngati mtima, kaja kamakonda m'bafa. Adalemba kuti, "Aphunzitsi, tizilombo tanji timeneti? Tadzaza kuchipinda kuno kumene agona abambo akunyumba."

Ndidakuza chithunzicho mpaka khoma lidasanduka utsi. Mitundu ya tintchentche timeneti imasiyana ndi timadontho toyera m'mphepete mwa mapiko, ndiye madzulo onse adathera kuwerenga timadonthoto. Sindidatsimikize, komabe ndidawatumizira dzina lachilatini, n'kuwonjezera kuti sitiluma, angothira madzi otentha m'ngalande.

Kwawo n'kuseri kwa fakitale. Ukanyamuka kwathu ndi tiyi m'kapu, umafika asanazizire. Sindidapite. Kuno munthu sakuuza kuti bwera udzazonde matenda, amangokutchulira chipinda.

Bambo Muhiwa atamwalira, ndidatsegulanso chithunzicho osachikuza. M'munsi mwake mudali dzanja lowonda pabulangete, pambali mbale ya phala losadyedwa. Ndidadikira kuti mtima uwawe, koma sudawawe. Ndidangoona kuti timadontho tija ndidawerenga molakwa.

Nditalowa m'nyumba kukapepesa, mayi aja adandigwira dzanja.

"Zikomo aphunzitsi, dzina lija tidalandira. Ife lidatikanika kutchula. Abambo ankati mukabwera mudzawatchulira nokha."

Ndidangoti, "Pepani." Sindidawauze kuti ngakhale dzinalo silidali lolondola.