Kachitsulo m'diso la alamu

Tinanyamuka ku Kalomwe m'mawa, chisanu chili mbuu, ine ndi alamu anga a Lusiyano. Inali nthawi ya Apwitikizi. A Lusiyano ndi osula makasu. Dzulo lake akusula, kachitsulo kanathethekera m'diso lawo lamanja. Lamanzere linafa kale ndi nthomba ali mwana. Likanapita ilinso, basi, mdima.

Kumudzi anayesa zonse. Azakhali ananyambita disolo ndi lilime monga timachitira ndi chitsotso. Mayi wina anadonthezeramo mkaka wa m'mawere. Kachitsulo sikanasunthe. Ndinati tiyeni ku mishoni ya Fonte Boa.

Tinakwera kamiyawo, lole ya mbatata za kachewere yopita kutauni ya Vila, eskudo khumi munthu mmodzi, pamwamba pa matumba. Pakati pa njira mbuzi zinadutsa msewu, woyendetsa n'kuponda buleki. Galimoto inaima, ife ayi. Tinapitirira ndi matumba omwe mpaka kukagunda kabini.

"Mukufuna kutipha kodi?" ndinakuwa.

"Ine ndaimitsa galimoto, bambo," anatero woyendetsa. "Inuyo mudziimitse nokha."

Ndinafuna kumutukwana, koma ananena zoona.

Ku Vila tinafika dzuwa litakwera. Tinadya zitumbuwa ndi tiyi, msuweni wanga wokhala kumeneko n'kutibwereka njinga. Pamitunda ndinkakankha, potsetsereka inkathamanga yokha. Alamu anali kumbuyo, nsalu ili kumaso.

"Alamu, mukulemera," ndinatero.

"Palasani basi. Mlongo wanga munamutenga ndi nkhuku imodzi."

Tinafika ku Fonte Boa dzuwa litapendeka. Sisitere wa pachipatala anawakhazika alamu pakhonde pomwe panali kuwala. Anatenga galasi lozungulira, lotupa pakati, n'kuliika patsogolo pa diso. Ndinasuzumiramo. Diso linakula ngati dzira la nkhuku, ndipo kachitsulo kanaoneka bwino, kakuda, m'mphepete mwa mwanadiso.

"Ndi singano ndingaboole diso," anatero sisitere. Anadonthezeramo mankhwala n'kutumiza uthenga kusukulu.

Anabwera a pulofesoli, aphunzitsi a pasukulupo, mwana wa konkuno ku Angoniya, choko chili m'zala. Ananyamula chitsulo chopindika ngati nyanga za ng'ombe, chimene ku Dedza amati maginito. Ine ndinagwira mutu wa alamu, sisitere n'kutong'ola chikope. A pulofesoli anasendeza chitsulo chija pang'onopang'ono, osakhudza diso. Poyamba panalibe kanthu. Anasendezanso, dzanja lili phee. Kachitsulo kanagwedezeka, kenaka kanadumpha kokha n'kukakamira pamaginito.

"Chimakoka ndi chiyani, a pulofesoli?" ndinafunsa. "Chingwe sindikuchiona."

"Mphamvu ili m'chitsulomo, bambo. Siioneka, koma imadutsa mpweya, pepala ngakhale madzi. Koma mkuwa ndi mtengo sichikoka."

"Kakanakhala kamkuwa?"

"Bwenzi mukupita kuchipatala chachikulu ku Tete."

Alamu anaphethira, misozi ili mbwee. Anayang'ana tchalitchi, anayang'ana mitengo, kenaka ine.

"Mukuona?" anafunsa sisitere.

"Ndikuona, amayi. Koma nkhope ya alamuyi muichotse pano, ingandiphenso diso."

Tinagona kumishoni n'kubwerera m'mawa mwake. Ine sukulu ndinalekeza msanga, ndipo ndinkayesa kuti zophunzira ana kumeneko n'zongolembera mayeso. Tsiku limenelo ndinawavulira chipewa a pulofesoli, munthu wa msinkhu wa mng'ono wanga. Sabata yotsatira a Lusiyano anakolezanso moto wawo.