Chibwibwi Chakumtundu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasankha kuphunzira Chijeremani kusukulu ku South Bend, mzinda umene tinkakhala kunja kwa Malawi. Amalawi anzathu ankati mwanayu ndi wanzeru zozama, koma zoona zake n'zakuti ndinkathawa. Ine ndili ndi chibwibwi, ndipo m'kalasi la Chijeremani aliyense lilime linkamukanika. Mzungu, Mmekisiko, Mmalawi, tonse tinkadodoma mofanana, moti panalibe wonditembenukira.

Chibwibwichi n'chakumtundu. Bambo anga ali nacho, ndipo agogo aamuna a ku Dedza akuti anali nacho chochita kugwetsa misozi. Bambo ankagwira ntchito mulabu ya chipatala, yocheza ndi mabotolo osafuna yankho. Lamlungu masana Amalawi tinkapemphera m'holo yobwereka, yonunkhira khofi ndi majekete onyowa, ndipo iwo ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Akapemphedwa kuwerenga Mawu, ankangomwetulira n'kuloza amayi. Kunyumba mawu awo anali amodzimodzi: "Zinalembedwa. Ife a banja lino si apakamwa."

Tsiku lina mphunzitsi wathu, mayi wachikulire amene tinkangomutchula kuti Frau, anandisankha kuti ndikayankhule pa mpikisano wa masukulu ku Indianapolis. Mutu wake unali mawu amene anthu amatchulira zinthu zosapeweka pa moyo. Ndinaganiza kuti walakwitsa dzina, koma iye anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ndiyambe kufufuza.

Ndinafufuzadi, ndipo ndinazikonda. Angerezi ali ndi fate, lomwe silisankha chabwino kapena choipa. Ali ndi destiny, limene munthu amavala monyada ngati suti yatsopano, ndiponso doom, lachiwonongeko. Ajeremani amati Schicksal ponena zimene watumiziridwa, Verhängnis ponena tsoka lokulendewera pamutu, ndi Fügung zinthu zikangolongosoka ngati pali dzanja lozikonza. Ife tili ndi tsoka, mwayi, ndi "zinalembedwa" ya bambo ija. Ndinaona kuti mtundu uliwonse uli ndi dzina la chimene chimakugwera, koma sindinapeze mawu ngakhale amodzi olamula kuti chikakugwera ukakhale pafupi ndi chitseko.

Bambo atamva, nkhope inagwa. "U-ukufuna kukayankhula pa-pamaso pa anthu? Akakuseka, mwananga. Ine ndinasekedwapo, ndikudziwa." Sananene mwaukali. Ankandikonda, ndipo ankaopa. Ine ndinapsa mtima, chifukwa mantha awowo anali anganso. Amayi, omwe ankapinda zovala, anangoti, "Inu abambo ake, mukamudiraivire basi. Akakasekedwa mukhale muli pomwepo."

Tinanyamuka Loweruka m'mawa kukuzizira koopsa. Minda ya chimanga inali yoyera ndi chipale chofewa, mapesi okha akusuzumira. Ulendo wonse bambo ankayimba nyimbo zakutchalitchi chapansipansi. Poyimba chibwibwi chimatisiya tonse awiri, ndiye ndinawathandiza besi.

Holo ya mpikisano inali yofunda mopitirira muyeso, yonunkha sopo wokolopera. Dzina langa litaitanidwa, ndinaima bwinobwino, ndinapereka moni, n'kufika pa mawu oyamba enieni, Schicksal. Pamenepo ndinamatirira. "Sh... sh... sh..." Ndinkamveka ngati tayala likuphwa. Thukuta linatsika kumsana. Mtsikana wina kutsogolo anabisa pakamwa, ndipo ndinamva kuseka kumene bambo analosera kuja. Ndinawafunafuna kumbuyo pafupi ndi chitseko, koma kunalibe. Anali pa mzere wachiwiri, ataweramira kutsogolo, milomo yawo ikulimbana ndi "sh" yemweyo pamodzi nane.

Mawu aja anatuluka. Otsatira anandigwiranso, ena anadutsa okha, koma ndinafika kumapeto ndili chiimire. Sindinapambane. Anapambana mnyamata wina amene agogo ake anali Ajeremani enieni, ndipo kumeneko nanenso ndinavomera kuti zinalembedwa.

Pobwerera tinaima pa golosale ina ku Lafayette Road kuti amayi tiwagulire ufa ndi nsomba zouma. M'galimoto bambo sanandiyamikire, sanandinyoze. Anangofunsa kuti, "Miyendo si-sinanjenjemere?" Ndinati inanjenjemera kwambiri. Iwo anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa malangizo a njira.

Sipanapite milungu yambiri, mkulu wa mpingo anafunsa amene angawerenge Salimo, maso ali kale pa amayi. Kumbuyo kunalira mpando. Bambo anayenda holo yonse Baibulo lili m'manja. Salimolo linali lalifupi, koma tsiku limenelo linatalika mpaka khofi anazizira, ndipo palibe anadandaula. Amayi ankalira osabisa. Ine ndinanyada kwambiri.

Lero zinthu zinasintha. Holo yobwereka ija tinaisiya, ana a mpingo amayankha Chichewa chathu m'Chingerezi, ndipo bambo akapatsidwa maikolofoni amachita kulandidwa. Ine ndimaphunzitsa, ndi chibwibwi changa chomwechi, ndipo sindipepesa nacho. Posachedwapa mwana wanga wamkazi, amene wangoyamba kulumikiza mawu, anamatirira poitana agogo ake: "A-a-a..." Tinayang'anana ndi bambo. Ndinadikira kuti anene mawu awo akale aja. Iwo anagwada pakapeti, mawondo akulira, n'kumuuza kuti, "U-usathamange, mama. Agogo sa-sakupita kulikonse. Maliza."