Bwato la Migolo Khumi

Anandilanda migolo khumi, matabwa onse ndi mano awiri akutsogolo. Zinachitika pa dooko lina la mtsinje wa Ruo, chaka chimene ndinasiya sukulu ndili Fomu 2.

Pa dookolo panali amuna asanu a mabwato a mtengo. Ankaolotsa anthu mosinthana, ulendo uliwonse njinga imodzi ndi matumba awiri a chimanga cha ku Mozambique. Ine ndinaganiza zomanga langa, la matabwa pamwamba pa migolo. Amalume anandichenjeza kuti, "Mphwanga, manga la migolo inayi. Ukapyola pamenepo ukudya maulendo a anzako." Ndinawayankha kuti sindinasiye sukulu kuti ndizikaima pamzere.

Langalo linkanyamula njinga zisanu nthawi imodzi. Tsiku la msika anthu onse anathamangira kwa ine, asanu aja atangokhala pamchenga. Nditakocheza kachitatu, wamkulu wawo anati, "Achimwene, tatsikani tikambirane." Ndisanaponde n'komwe pansi, nkhafi inatera pakamwa panga. Anandigwetsera m'matope, wina n'kundiponda pakhosi, enawo akudula zingwe ndi zikwanje. Ndinkalavula magazi ndikuona matabwa anga akupita ndi madzi. Okwera aja, amene ndinkawachotserako mtengo, anangokankha njinga zawo n'kukakwera mabwato a anthu omwewo.

Akuluakulu a padooko anagamula kuti asanu aja andilipire K240,000, koma ndisadzaolotsenso munthu pamenepo. Anandipatsa K40,000 ndi nkhuku yodwala chitopa. Yatsala K200,000.