Madzi a m'filiji ya azungu

Ba Esnart, lero chakwana chaka chitisiyireni. Ndikukumbukira tsiku lija kufakitale ku Ndola, kutatentha koopsa, pamene munatsegula filiji ya madzi a azungu okhaokha. Ife akuda anatiuza kuti tizimwa pampopi wa kuchimbudzi. Bwana anakuwa kuti, "Iwe, wakulola ndani?" Inu munamwa kapu yonse mosafulumira, kenako munati, "Ludzu siliona khungu, bwana." Sabata yomweyo anakuchotsani ntchito, koma munatuluka pageti mutu uli m'mwamba.

Mpaka pano bwana uja sanasinthe. Dzulo anatukwana mnzathu wa ku Lubuto kuti ndi nyani. Mawa tonse tikupita kuofesi ya leba, yoona za antchito, kukawanenera. Akafuna atichotse, koma sitikhalanso chete. Pumulani mumtendere, mayo.