Tsiku Limene Ndinaluma Voti ya Amayi

Ndikukumbukira bwalo la kapela, katchalitchi ka kwathu ku Nsadzo, nyengo ya mvula, ndili m'kalasi yachisanu. Pansi pa mkuyu panali matope oterera, fungo la nkhuyu zowola, ndi anthu ovala za kutchalitchi ngakhale linali Loweruka. Tsiku limenelo bungwe la alimi linkasankha munthu wosunga ng'ombe. Musaseke. Ng'ombe ziwiri, khasu lokoka ndi ngolo, zimene parokiya inapereka kuti tizilimira mosinthana, kwa ife zinali boma lathunthu. Wogwira chingwe cha ng'ombezo ndiye ankanena kuti munda wa yani ulimidwa mvula ikangogwa, ndi wa yani ulimidwa anzake akupalira kale.

Chingwecho chinali m'manja mwa atsibweni anga, a Dumingu, mlongo wawo wa amayi. Ine ndinkakhala pakhomo pawo. Mudzi wathu uli tsidya la mtsinje, ulendo wa m'mawa wonse wapansi, ndipo sikola ya kumeneko inkalekera kalasi yachitatu. Bambo anga anali ku minda ya fodya ku Zambia, ankabwera kamodzi pachaka kudzasiya mimba n'kubwerera. Choncho atsibweni ananditenga. Ndinkatunga madzi, kusinja, kubereka ana awo, ndipo malipiro anga anali mphasa ya m'nyumba yophikira ndi chilolezo chopita ku sikola m'mawa. Sikola ndinkaikonda, ndipo ndinkakhoza. Popanda mphasa imeneyo panalibe sikola, ndipo atsibweni ankaonetsetsa kuti ndisaiwale zimenezo.

Zaka zonse chisankho chinali chokweza manja. Atsibweni ankaima kutsogolo, maso ali pa anthu, manja n'kumera okha ngati udzu wa pachulu. Koma chaka chimenecho kunabwera katekisita watsopano, a Sitefano, amene anati zisinthe. Padzapachikidwa kapulana, nsalu ya chitenje ija, pakati pa mkuyu ndi khoma la kapela, ndipo kuseri kwake kudzakhala mtsuko wa kukamwa kopapatiza. Wofuna a Dumingu adzaponyamo njere ya chimanga. Wofuna mai Rozariya, mayi wamasiye amene analimba mtima kupikisana nawo, adzaponyamo nyemba. Aliyense adzabwera ndi njere yake kuchokera kunyumba, ataifumbata.

Atsibweni anakwiya sabata yonse. "Zobisalabisala ndi za afiti," ankatero pakhonde, mokweza kuti anthu a m'njira amve. "Munthu wolungama amasankha masana, dzanja m'mwamba, anzake akumuona." Kenako mwadzidzidzi anafewa. Anapita kwa a Sitefano kukadandaula za okalamba, odwala ndi a kutsidya amene sangawoloke mtsinje wodzaza. Kodi amenewo si anthu? Atumize njere zawo zitamangidwa m'kansalu, wotumidwayo akamasulire kuseri kwa kapulana. Anthu anayamikira chifundo chawo. A Sitefano, munthu wa mapemphero ambiri, anavomera osaganiza kawiri.

Amayi anali m'gulu la otumiza. Anali m'chikuta, mwana asanagwe mchombo, ndipo mwa mwambo sakanatuluka ngakhale kukanakhala kuti ng'ombezo zikugawidwa ulere. Lachisanu nditaweruka ndinapita kumudzi kukatenga njere yawo. M'nyumbamo munali mdima ndi utsi, fungo la mkaka ndi la mankhwala a zitsamba osambitsira mwana. M'mawa mwake amayi anang'amba kachidutswa ka kapulana yakale, nanditembenukira msana, namanga kamfundo kolimba.

"Luziya, usamasule m'njira," anatero. "Asagwire munthu. Ngakhale iwe si zako."

Sindinamasule. Koma powoloka mtsinje, madzi akundifika m'chiuno, ndinakafinya kamfundoko m'dzanja kuti kasapite ndi madzi, ndipo zala zinandiuza zonse. Chimanga n'chophwatalala, chili ndi nsonga ngati dzino. Chimene ndinagwira chinali chosalala, chopindika pang'ono. Nyemba. Amayi anali atakana mlongo wawo.

Sindinadabwe kwambiri. Munda wathu unkalimidwa pomalizira chaka chilichonse. Atsibweni ankati wachibale amadikira, pamene ng'ombe zili kalikiliki kukoka njerwa za ochita malonda. Chimanga chathu chinkakhala cha m'mawondo cha anzathu chili ndi ngaiyaye. Chimene chinandiopsa ndi china: ngati zala zanga za mwana zinadziwa, zala za aliyense zikanadziwa. Ndinakhala pamwala tsidya linalo, diresi ikudontha. Ndinaganiza zopempha njere ya chimanga pakhomo lililonse la m'njira n'kusintha. Palibe akanadziwa, ndipo mphasa yanga ikanakhala yanga. Koma nyembayo sinali yanga kuti ndiisinthe. Ndinanyamuka nditakwiyira aliyense: amayi, atsibweni, mtsinje, ngakhale ng'ombe zimene.

Nditafika pa kapela ndinapeza zimene ndinkaopa. Atsibweni anali ataima pamene njira imalowera m'bwalo, atavala jekete la maliro ndi maukwati, akupereka moni kwa onse obweretsa timfundo. "Tione ngati amanga bwino, ingagwe m'njira," ankatero. Ankatenga kamfundo, kukafinya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kubweza. Sankamasula, ndiye palibe akanati aphwanya lamulo. Kansalu kalikonse ankakadziwa mwini wake, chifukwa kumudzi kapulana ya munthu ndi nkhope yake. Ndipo ankangomwetulira, pakuti okalamba athu si opusa. Anali atanunkhiza kale kuti njere yotumiza idzadutsa m'manja mwa yani, ndipo anatumiza chimanga.

Nthawi yanga inafika.

"Mphwanga! Mayi ako adzuka bwanji ndi mlendo?" anatero, dzanja lili kale patsogolo. "Bweretsa tione."

"Amayi anati asagwire munthu."

"Ine ndine munthu? Ndine tsibweni wako, iwe. Bweretsa kuno."

"Anati asagwire munthu."

Kumwetulira kunazima. Anandigwira pamkono n'kuyamba kutambasula zala zanga chimodzichimodzi, ngati akusenda nthochi. Dzanja lawo linali lokhakhala ndi chingwe cha ng'ombe. Sindinaganize chilichonse chanzeru. Ndinangoweramira dzanja langalo n'kuponya kamfundo konse m'kamwa, nsalu ndi zonse, n'kuluma mano. Kankakoma utsi ndi madzi a mumtsinje.

"Lavula!"

Ndinapukusa mutu, tsaya lili tu ngati la nyani wakuba m'munda. Amayi ena amene anakhala pamphasa anayamba kuseka mobisa m'nsalu. Wina anakuwa kuti, "A Dumingu, mulowetsamo chala? Ameneyo aluma!" Bwalo lonse linaphulika. A Sitefano anatulukira kuseri kwa kapela akufunsa kuti kwagwanji, ndipo atsibweni anandisiya, napukuta dzanja pa jekete ngati agwira chonyansa.

Ndinayenda pakati pa anthu mpaka kuseri kwa kapulana. Kumeneko kunali zii. Kuwala kunkadutsa m'nsalu n'kufiiritsa manja anga. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kwathu, panalibe wondiyang'ana kapena wondituma. Ndinamasula kamfundo konyowako ndi mano, n'kuponya nyemba mumtsuko. Inalira pang'ono, kuti thi, pamwamba pa zinzake. Ndinaima pamenepo pang'ono, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa panali pabwino.

Atakhuthula mtsuko pa lichero, chimanga chinapambana. Nyemba zinalipo ndithu, zambiri kuposa manja amene akanakwera, ndipo ndinaona atsibweni akuziyang'ana n'kuyang'ana anthu, kufuna kulumikiza nyemba ndi nkhope, osatha. Nkhope imodzi yokha ndiyo inali yosavuta. Munthu wonyamula chimanga salumira nsalu. Chinsinsi cha munthu mmodzi pakati pa anthu ofinyidwa si chinsinsi, ndi mbendera.

Lamulungu titachoka ku Misa ndinapeza zovala zanga ndi makope zitamangidwa m'kapulana, zili pakhonde. Atsibweni sanakalipe. Anali akusenga ndodo ndi mpeni, osandiyang'ana.

"Pakhomo pano timadya chimanga," anatero. "Okonda zina akadye kwawo."

Ndinawoloka mtsinje katundu ali pamutu. Amayi atandiona pakhomo sanafunse chifukwa.

"Unawauza?"

"Ayi."

"Anagwira?"

"Ayi."

"Ndiye sakudziwa. Akungoganiza."

Ndinawakalipira tsiku limenelo, ine mwana. Ndinawafunsa chimene chinawaletsa kutumiza chimanga ngati anzawo, popeza nyemba yawo sinasinthe kanthu. Anangosuntha mwana kubere lina n'kunena kuti kwa mlongo wawo ananama moyo wawo wonse, sakananamanso kwa mtsuko. Atsibweni atabwera patapita masabata kudzaona mwana, anawafunsa maso ndi maso. Amayi anayankha kuti zimene anasankha zinapita mumtsuko, akafunse kumeneko. Mpaka lero sanatchulepo ndi pakamwa pawo, ngakhale kwa ine amene ndinazilawa.

Sikola inathera pamenepo. Ndinayesa kuyenda kuchokera kumudzi, koma mtsinje ukadzaza ndinkajomba, ndikafika ndinkapeza anzanga ali patsogolo, ndipo tsiku lina sindinanyamukenso. Palibe anabwera kudzandifunsa. A Sitefano anawasamutsa chaka chotsatira, kapulana inatsitsidwa, manja anayambanso kukwera.

Tsopano ndimagulitsa mazira owiritsa ndi nthochi pa Cassacatiza, kwa oyendetsa magalimoto odikira mapepala a pamalire. Nyengo ya zisankho ikafika ndimamva nzeru zambiri pamenepo. Wina amati kuvota kobisika kuthe, anthu aziima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, kuti pasakhale kuba. Wina amati maiko ena munthu amavotera kunyumba n'kutumiza pa positi, ndiye chitukuko chimenecho. Onsewo ndi amuna okhala ndi nyumba zawozawo, amene sanagonepo pa mphasa ya munthu wina. Ndimawauza kuti pamzere pamaimanso amene akukusunga, ndipo kunyumba kuli mwamuna, apongozi ndi atsibweni. Voti yodutsa m'dzanja la munthu wina imafika itafinyidwa kale. Kuba akulimbane nako powerenga, awerenge poyera aliyense akuona. Koma posankha atisiye tokha. Amati ndine wamwano. Mazira amagulabe.

Zinthu zasintha, inde. Ng'ombe zija zinafa, bungwe linatha, achinyamata ali pa njinga zamoto. Atsibweni nawo anakalamba, maso anachita khungu, ndipo akusungidwa ndi mwana wawo wamkulu, Zakariya, munthu wokonda ndale amene amavala malaya a chipani chake ngakhale kumunda. Pa chisankho cha boma chapitachi, nditapita kukavota ku sikola ya ku Nsadzo, ndinawapeza atakhala pansi pa mthunzi, ndodo ili pakati pa miyendo. Wosaona amaloledwa kulowa ndi munthu mmodzi womukhulupirira. Zakariya anali atakonzeka kale kuwagwira dzanja. Atsibweni atamva mawu anga pamzere anatukula mutu.

"Ndi Luziya ameneyo? Ndilowa ndi Luziya."

"Ababa, ine ndilipo," anatero Zakariya.

"Ndamva kuti ulipo. Ndati Luziya."

Ndinafuna kukana. Ndinafuna kuwauza kuti kuwerenga kwanga kunalekera kalasi yachisanu, ndipo akudziwa chifukwa chake. Koma ndinawadzutsa. Tikuyenda anandinong'oneza, mpweya wawo ukununkha fodya, kuti pa mbumba yonse ndine ndekha amene sindilavula. Sanapepese, ndipo ine sindinawakhululukire. M'kachipindamo ndinawawerengera maina pang'onopang'ono, iwo anatchula limodzi, ine n'kuika chala chawo pamene ananena.

Titatuluka Zakariya anandikokera pambali, akumwetulira ngati tinakulira limodzi mwamtendere.

"Asuweni, madala asankha uti? Ine ndi amene ndimawadyetsa, ndiyenera kudziwa."

Ndinamuyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato. Ndinamuuza kuti apitirize kuwadyetsa, n'kubwerera pamalo panga pamzere.